Chemistry ya MSCE: zowerenga zothandizadi ndi mmene mungazigwiritsire ntchito

Mwana wa Fomu 4 masiku ano sasowa zowerenga monga zinkakhalira kale. Ngakhale amene amaphunzira pa CDSS ya kutali ndi msewu wa M5 kuno ku Nkhotakota, foni ya mchimwene wake kapena ya mnzake ili ndi manotsi a Chemistry a sukulu zingapo, mapepala a mock ndi ma PDF amene amangoyendayenda m'magulu a WhatsApp. Chikusowa ndi kudziwa poyambira, chotaya, ndi chochita nacho chimene mwasunga. Chemistry siilowa m'mutu mwa kungoyang'ana tsamba. Pamafunika kulemba, kuwerengera ndi kugwira zinthu ndi manja. Ndiye chowerenga chilichonse ndimachiyesa ndi funso limodzi: kodi chikukuchititsani kutenga cholembera? Ngati ayi, chikhoza kudikira.

Yambani ndi silabasi. Ambiri amaiona ngati ya aphunzitsi okha, chonsecho mafunso a MANEB amachokera mmenemo. Imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo sukulu iliyonse imayenera kukhala nayo. Pemphani aphunzitsi a Chemistry kapena mkulu wa dipatimenti ya sayansi akubwerekeni kwa ola limodzi. Koperani mitu yonse ya Fomu 3 ndi Fomu 4 kumapeto kwa kope lanu, pamodzi ndi zimene silabasiyo ikunena kuti wophunzira azitha kuchita pa mutu uliwonse. Pambali pa mzere uliwonse ikani chizindikiro: ichi ndingayankhe osatsegula buku, ichi ndimachimva koma ndimasokoneza, ichi sindinachiphunzire n'komwe. Gulu lachitatuli ndi limene limapweteka. Sukulu zambiri zimafika teremu yomaliza mitu ina isanaphunzitsidwe, ndipo mwana wongobwereza manotsi a m'kalasi amadzadziwa za mutu woterewu atakhala kale pa desiki ya mayeso.

Silabasi imathandizanso kusefa zakale. Kale Chemistry ndi Physics zinali phunziro limodzi la Physical Science, ndipo mabuku ndi mapepala a nthawi imeneyo akadalipo m'makabati a sukulu zambiri. Musawataye. Mafunso ake a mole, a titration ndi a organic chemistry ndi abwino poyeserera. Kungoti sangakuuzeni zonse zimene zingabwere lero, ndiye aziyenda limodzi ndi mndandanda wanu uja.

Musanakhudze za Fomu 4, dziyeseni pa za Fomu 1 ndi 2. Tengani pepala loyera, mulembe ma element 20 oyambirira a periodic table, kuchokera pa hydrogen mpaka calcium, ndi kasanjidwe ka ma electron ake. Kenaka lembani ma formula a magnesium chloride, sodium sulphate, calcium hydroxide ndi aluminium oxide. Ngati mwalemba MgCl m'malo mwa MgCl₂, kapena CaOH₂ m'malo mwa Ca(OH)₂, kapena mwakanika kufika pa Al₂O₃, imani kaye pomwepo mukonze za valency. Si manyazi kubwerera ku buku la Fomu 2 mu teremu yomaliza. Formula yolakwika imabala molar mass yolakwika, equation yolakwika, ndipo funso la malikisi asanu ndi limodzi limagwa lonse chifukwa cha kanambala kamodzi. China choyenera kuchizolowera msanga: polinganiza equation mumasintha manambala a kutsogolo kwa formula okha. Mukasintha H₂O kukhala H₂O₂ kuti oxygen akwane, mwasandutsa madzi kukhala chinthu china.

Za mabuku ndinena mwachidule. Buku lovomerezeka ndi Unduna wa Maphunziro limaposa manotsi a pa foni, ngakhale mukubwerekana anthu asanu. Manotsi ambiri oyenda pa WhatsApp anakopedwa kangapo, ndipo pokopapo timanambala ta mmunsi ndi ta pamwamba timasokonekera, mivi iwiri ya reversible reaction imasanduka muvi umodzi, zithunzi zimasowa. Muwayese chonchi: sankhani mutu umodzi umene mumaudziwa bwino, muyerekeze ndi buku. Mukapeza zolakwika ziwiri pa tsamba limodzi, afufuteni m'fonimo. Buku likafika tsiku lanu, musalikope. Werengani ndime imodzi, litsekeni, mulembe zimene mwagwira, kenaka mutsegule muone chimene chasowa. Zitsanzo zowerengera muziziphimba ndi dzanja n'kuyamba mwayesa nokha.

Ma past paper ndi amene ali pakati pa ntchito yonseyi, koma ambiri amawagwiritsa ntchito molakwika: amawerenga funso, n'kuwerenga yankho, n'kugwedeza mutu kuti amva. Kumva yankho la wina n'kosiyana ndi kulitulutsa nokha. Poyamba asanjeni potsata mitu. Mukamaliza kubwereza electrolysis, sakani mafunso onse a electrolysis m'mapepala a MANEB a zaka zingapo ndi a mock ya divishoni yathu ya Central East, muwayankhe tsiku lomwelo. Mudzaona nokha kuti kafunsidwe kake kamabwerezabwereza ngakhale manambala ndi mankhwala asinthe. Kukatsala mwezi umodzi, lembani mapepala athunthu osachepera atatu, wotchi ili patsogolo, buku lili kutali. Onani pa tsamba loyamba nthawi ndi malikisi onse, mugawe, mudziwe kuti funso la malikisi awiri siliyenera kukudyerani mphindi khumi. Mayankho oyenda pa foni si onse amene ndi a MANEB. Pamene mwakayika, funsani aphunzitsi.

Mukachonga, tsegulani kope lina laling'ono la zolakwa zokhazokha. Pa cholakwa chilichonse lembani funso, yankho loyenera, ndi chifukwa chimene munalakwira: simunadziwe, munawerenga funso mothamanga, munalakwa masamu, kapena Chingerezi chinakupitani. Mankhwala a zinayizi ndi osiyana, ndipo kope limeneli ndi limene mudzawerenge sabata yomaliza.

Mutu woyenera nthawi yochuluka kuposa ina yonse ndi wa mole, chifukwa umapezeka pa pepala la theory ndi la practical lomwe. Malamulo ake ndi ochepa. Ma mole mumawapeza pogawa mass ndi molar mass. Mu solution, mumachulukitsa concentration ndi volume ya mu dm³. Mole imodzi ya gasi imatenga 24 dm³ pa room temperature and pressure, ndi 22.4 dm³ pa standard temperature and pressure. Ana ambiri amawaloweza bwinobwino malamulowa koma n'kumagwabe, ndipo malo ogwera ndi awiri.

Oyamba ndi kuiwala kusintha cm³ kukhala dm³. Tinene kuti funso likufuna mass ya sodium hydroxide yopangira 250 cm³ ya 0.1 M. Gawani 250 ndi 1000, mupeza 0.25 dm³. Chulukitsani ndi 0.1, mupeza ma mole 0.025. Molar mass ya NaOH ndi 23 + 16 + 1, kutanthauza 40, ndiye yankho ndi 1.0 g. Woiwala kugawa ndi 1000 amapeza 1000 g. Zolowerani kuyang'ana yankho lanu ndi maso a munthu wamba: kilogalamu yathunthu singasungunuke m'kabotolo kochepera botolo la Fanta.

Achiwiri ndi kugwiritsa ntchito C₁V₁ = C₂V₂ paliponse. Lamulo limeneli ndi la kusungunula solution ndi madzi, ndipo pa titration limagwira pokhapokha acid ndi base zikulowana mole imodzi kwa imodzi, monga HCl ndi NaOH. Sulphuric acid ndi nkhani ina: H₂SO₄ + 2NaOH → Na₂SO₄ + 2H₂O. Ngati 25.0 cm³ ya 0.1 M NaOH yathetsedwa ndi 12.5 cm³ ya acid, ma mole a NaOH ndi 0.0025, a acid ndi theka lake, 0.00125, ndipo mukagawa ndi 0.0125 dm³ mupeza 0.1 M. Wothamangira lamulo lija amapeza 0.2 M. Njira yosaphonya ndi kulemba equation yolinganizidwa musanakhudze calculator, nthawi zonse, ngakhale funso silinapemphe. Ndipo lembani sitepe iliyonse ndi ma unit ake, chifukwa njira yolondola imatha kukupezetsani malikisi ngakhale nambala yomaliza italakwika.

Manambala oyeserera ali ngakhale pa thumba la feteleza. Mlimi wa mpunga wa ku sikimu ya Bua akagula urea, pathumba palembedwa 46% N. Formula ya urea ndi CO(NH₂)₂, molar mass yake ndi 60, nitrogen mmenemo ndi 28, ndipo 28 kugawa ndi 60 kuchulukitsa ndi 100 ndi 46.7. Ndiye thumba la 50 kg lili ndi nitrogen pafupifupi 23 kg. Chitani chimodzimodzi ndi ammonium nitrate, NH₄NO₃, mupeze 35, ndi ammonium sulphate, (NH₄)₂SO₄, mupeze 21.2. Mukatha zitatuzi osayang'ana, percentage composition mwaimaliza.

Tsopano pepala la practical, limene limawopsa kwambiri ana a sukulu zopanda labotale. Ndinene mosabisa: palibe buku kapena vidiyo imene ingalowe m'malo mogwira burette. Ngati sukulu yanu ilibe zipangizo, kalasi lonse lipemphe aphunzitsi akambirane ndi sukulu ya m'klasita yanu imene ili nazo, mupiteko ngakhale Loweruka awiri okha. Musanapite, lowezani ndondomeko kuti nthawi isathere pofunsa. Burette imatsukidwa ndi solution imene muikemo, pipette ndi imene muyeze, koma conical flask imatsukidwa ndi distilled water basi. Mukaitsuka ndi base mwawonjezera ma mole amene simunawayeze. Tsegulani tap pang'ono kuti kampweya ka kunsonga katuluke, chotsani funnel musanawerenge, ndipo werengani pansi pa meniscus diso lili pa mulingo womwewo. Phenolphthalein ndi madontho awiri kapena atatu. Imakhala pinki mu base ndipo imataya mtundu mu acid. Ikani pepala loyera pansi pa flask. Ulendo woyamba ndi wongopezera dera, wachiwiri ndi wachitatu mumatsitsa dontho limodzilimodzi mukayandikira, kwinaku mukuzunguza flask. Manambala onse a mu tebulo akhale ndi ma decimal place ofanana, ndipo pa average gwiritsani ntchito okhawo oyandikana.

Zina zambiri mungathe kuyeserera pakhomo. Indicator mumapanga ndi chidede: wiritsani chodzaza dzanja m'kapu imodzi ya madzi kwa mphindi zisanu, sefani, kenaka thirani madzi ena mpaka mtundu upepuke, chifukwa chikakhala chokhathamira kusintha sikuoneka. Gawani m'timabotolo toyera. Madzi a mandimu, a bwemba kapena viniga amachifiiritsa. Soda wophikira amachiderako, ndipo chidulo, amene ndi madzi osefedwa m'phulusa, chimachipititsa kobiriwira. Ndi jakisoni watsopano wa 10 ml wopanda singano mungathe kudontheza viniga m'madzi a soda n'kuphunzitsa dzanja kuima pamene mtundu watembenuka. Kumbukirani kuti indicator ngati imeneyi imangokuuzani acid kapena base. Funso la kusiyana kwa strong acid ndi concentrated acid limafuna mutu: strong ndi imene imagawanika yonse kukhala ma ion m'madzi, concentrated ndi imene ili yambiri m'madzi ochepa. Viniga, ngakhale atachuluka bwanji, amakhalabe weak acid.

Kuyesa hard water, madzi amene sachita thovu msanga ndi sopo, ndi experiment ina yosavuta, ndipo imaphunzitsa zambiri. Ikani 20 ml ya madzi a pa mjigo m'botolo limodzi, a m'nyanja m'lina, ndi distilled water m'lachitatu. Madzi a mvula angalowe m'malo mwa distilled water. M'nyengo ya mwera kulibe mvula, koma distilled water wothira m'mabatire a galimoto amagulitsidwa. Onetsetsani kuti ndi madzi, osati asidi wa batire. Sungunulani sopo wa mtanda m'madzi otentha, muzidontheza, kutseka, kukhutchumula kakhumi, mpaka thovu likhale osatha msanga. Werengani madontho. Mukagwiritsa ntchito sopo waufa zonse zawonongeka, chifukwa detergent amachita thovu ngakhale m'madzi a hard. Kenaka wiritsani madzi a pa mjigo aja, azizire, mubwereze. Madontho akachepa, munali temporary hardness, imene imachoka chonchi: Ca(HCO₃)₂ → CaCO₃ + H₂O + CO₂. Zoyera zomata pansi pa ketulo ndi CaCO₃ yemweyo. Akapanda kuchepa, ndi permanent hardness, ya mchere monga calcium sulphate. Polemba, tchulani chimene munasintha, chimene munayeza, ndi zimene munasunga mofanana: kuchuluka kwa madzi, sopo, kakhutchumulidwe. Mafunso ofotokoza experiment amafuna zimenezi.

Experiment ya dzimbiri imafuna misomali inayi yopalidwa ndi sandpaper, chifukwa yambiri imabwera yokutidwa ndi mafuta kapena zinc. Umodzi m'madzi wamba, wina m'madzi owiritsa othiridwa mafuta ophikira pamwamba kuti mpweya usalowe, wina m'botolo louma lotsekedwa, womaliza m'madzi a mchere. Pakatha masiku angapo muona kuti pamafunika madzi ndi oxygen pamodzi, ndiponso kuti mchere umafulumizitsa. Electrolysis imatheka ndi mapensulo awiri osongoledwa mbali zonse, mawaya, batire ya 9 V ndi madzi a mchere wambiri. Ku cathode kumatuluka thovu la hydrogen, ku anode kumamveka fungo la chlorine. Chitirani panja, kwa mphindi zochepa, osanunkhiza pafupi. Asidi wa batire, Jik wosakaniza ndi viniga, ndi mabatire a foni musazikhudze konse.

Mitundu ya ma precipitate ndi mayeso a gasi ndi zoloweza basi, ndipo zimagwira bwino pa timakadi ta makatoni, funso kutsogolo yankho kumbuyo. Ndi sodium hydroxide, Cu²⁺ amapereka blue, Fe²⁺ green, Fe³⁺ reddish brown. Al³⁺, Zn²⁺ ndi Pb²⁺ onse amapereka white yosungunuka mu excess, ndiye powasiyanitsa pamafunika ammonia, mmene wa zinc yekha ndi amene amasungunuka. Hydrogen amalira pop, oxygen amayatsanso kamtengo konyeka, carbon dioxide amachititsa limewater kukhala milky, ammonia amasandutsa red litmus kukhala blue. Samalani mawu pano. Funso likati observation likufuna chimene diso laona, monga bubbles, osati "hydrogen is produced". Ndipo bromine ikakumana ndi alkene imakhala colourless. Mukalemba clear kapena white mwataya.

Organic chemistry ife a kuno tili nayo pafupi. Ku Dwangwa, molasses wotsala popanga shuga amasandutsidwa ndi yisiti kukhala ethanol: C₆H₁₂O₆ → 2C₂H₅OH + 2CO₂. Yisiti amafa mowa ukafika cha m'ma 15 peresenti, ndiye pamafunika fractional distillation, imene imadalira kuti ethanol amawira pa 78 °C pamene madzi amawira pa 100 °C. Kuchokera pa ethanol yemweyu jambulani mapu pa pepala limodzi lalikulu: akalandira oxygen amakhala ethanoic acid, n'chifukwa chake mowa wosiyidwa poyera umawawasa, akakumana ndi ethanoic acid pali concentrated sulphuric acid amapanga ethyl ethanoate, wonunkhira ngati zipatso, akachotsedwa madzi amakhala ethene, amene akalumikizana ambiri amapanga polythene wa majumbo. Pa muvi uliwonse lembani reagent ndi condition. Pepala limodzi lojambula nokha limaposa masamba makumi awiri okopa. Onjezerani kujambula ma isomer, awiri a butane ndi atatu a pentane, mukuwerenga kuti carbon aliyense ali ndi ma bond anayi, komanso flow diagram yosiyanitsa alkane, alkene, alkanol ndi alkanoic acid.

Foni ili ndi malo ake. Ma simulation a PhET a ku University of Colorado Boulder ndi aulere, ndipo ena, monga a kulinganiza ma equation, a pH ndi a kumanga atomu, mungathe kuwatsitsa kamodzi n'kumawagwiritsa ntchito popanda bandulo. Mavidiyo a Khan Academy ndi ena a pa YouTube ndi othandiza kuona zimene simungachite pakhomo, monga sodium akaponyedwa m'madzi. Lowani muli ndi funso limodzi lolembedwa papepala, mukalipeza yankho tulukani. Dziwaninso kuti mavidiyo akunja amati alcohols, carboxylic acids, aldehydes ndi ketones pamene mabuku athu amati alkanols, alkanoic acids, alkanals ndi alkanones. Ndi zinthu zomwezo.

Gulu lowerengera lisapitirire anthu anayi kapena asanu. Aliyense abwere atayankha kale mafunso omwe munagwirizana, ndipo mmodzi aime pa bolodi afotokoze anzake akumutsutsa. Kambiranani m'Chichewa mpaka chinthu chimveke, palibe cholakwika, koma musanabalalike aliyense alembe yankho m'Chingerezi cha mayeso. State imafuna mfundo yokha, describe imafuna ndondomeko kapena maonekedwe, explain imafuna chifukwa. Funso likati explain why graphite conducts electricity, kunena kuti ndi carbon sikukwanira. Pakufunika kutchula ma delocalised electron amene amayenda momasuka.

Mayeso akayandikira kumatuluka anthu ogulitsa zimene amati ndi likasa. Zambiri ndi mapepala akale osinthidwa chaka, ndipo zikakhala zenizeni zimawononga aliyense. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa m'dziko lonse mapepala ena atabedwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Ndalama imeneyo ndi bwino igule scientific calculator, ndipo igulidwe msanga, osati kubwereka m'mawa wa mayeso, kuti chala chizolowere batani lolembera 6.02 × 10²³ ndi mabulaketi pogawa.

Sabata yomaliza musayambe mutu watsopano waukulu. Bwererani ku kope la zolakwa, ku timakadi, ndi ku mapu a organic, ndipo tsiku lililonse chitani mafunso atatu a mole kuti dzanja lisazizire. Jambulaninso graph imodzi kapena ziwiri za rate of reaction ndi pensulo: sikelo idzaze kupitirira theka la pepala, ma axis onse akhale ndi dzina ndi unit, mzere ukhale wosalala osati wolumikiza kadontho ndi kadontho. Tsiku la practical werengani malangizo onse musanatsegule botolo lililonse, onani chizindikiro cha pa botolo kawiri musanathire, ndipo nambala iliyonse ya pa burette muilembe mu tebulo nthawi yomweyo, osati pa dzanja kapena pa desiki.